Mwendo wa Atelala

Ofesi ya inshuwalansi inali pamwamba, chikepe chitafa. Atelala anakwera masitepe ndi ndodo ziwiri, akutukwana chamumtima. Matenda a shuga anawadulitsa mwendo wakumanzere kalekale. Tsopano mwendo wawo woyikirira unali utang'aluka, ukuwakhula pachitsa, ndipo chilonda cha munthu wa shuga sichidikira. Ankafuna watsopano. Wolipira anali kampani.

Kalaliki wa tayi yothina anagogoda pakompyuta. Anati pangano lawo laimitsidwa kaye. Pakufunika kalata ya dokotala, ya chaka chino, yotsimikiza kuti mwendo wodulidwawo ukadali wodulidwa.

"Mukuganiza kuti waphukira?" anafunsa atelala. "Ndine buluzi ine?"

"Za abuluzi sitilipira, bambo."

Atelala anapinda buluku mpaka m'bondo, namuuza aone yekha. Kalaliki anayang'ana kudenga. Anati iye si dokotala, maso ake alibe chidindo.

Atelala anafotokoza pang'onopang'ono, monga amachitira ndi kasitomala wokana kuti wanenepa. Dokotala saona munthu ulere. Wolipira dokotala ndi kampani. Kampani yaimitsa pangano mpaka dokotala awaone. Kalaliki anagwedeza mutu mosangalala, nati amvetsa bwino kwabasi, ambiri zimawavuta.

"Ndiye nditani, achimwene?"

"Mubweretse kalata."

"Pakadali pano makina anuwo akuti ndili ndi miyendo ingati?"

Kalaliki anasuzumira. "Popanda kalata, iwiri."

"Aa, ndiye ndachira. Achipatala analephera, mwatha ndinu a tayi."

"Kuchira nako kumafuna kalata, bambo."

Atelala anakhala pampando. Anamasula malamba. Anaunyamula mwendowo ndi nsapato yake yomwe, naukhazika pakauntala, chidendene pamapepala. Fungo la thukuta ndi mankhwala linayenda m'chipinda monse. A pamzere anasiya kukanda mafoni. Mayi wina anayamba kujambula. Kuseri kwa galasi abwana anaimirira, akuperekeza alendo a masuti.

Kalaliki anaukankha ndi cholembera. Sunasunthe. Anayesa kuubisa ndi nyuzipepala, nsapato inatulukira. Thukuta linamutsikira m'kolala. Ananong'ona kuti malamulo salola katundu wa makasitomala pakauntala, ndipo iye ali ndi ana.

Atelala anali atatsamira kale khoma, akupukuta magalasi ndi nsonga ya malaya.

"Bambo, chonde, chotsani mwendo wanuwu."

"Wanga? Mwaudziwa bwanji? Mwakhala dokotala liti?"

"Ndakuonani mukuuvula."

"Ndi maso opanda chidindo aja? Makina anu akuti ndili nayo iwiri. Wachitatu ndiutani ine?"

Chitseko cha abwana chinatseguka. Atelala anakankhira chidindo cha pakauntala pafupi ndi dzanja la kalaliki.

"Ngati ndi wanga, achimwene, lembani."