Mbewu Yanga Ndinakaitola Kudzala

Ambuye Yesu atamandike, abale ndi alongo. Ndati atamandike! Ena mukuyankha chapansipansi, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa. Khalani pomwepo, wina asanamizire kukatsokomola panja.

Ine ndine Nabanda, amake Teleza. Mphakati uno ndakuliramo. Dimba lakumtsinje lija anandisiyira malemu amayi mukulidziwa. Chaka chimene ndinadwala, dimbalo linagona osalimidwa. Atsibweni anandiitana nkundiuza osapsatira: "Nabanda, ofuna malo ndi ambiri pabanja pano. Ukapandanso kubzala, ndilipereka kwa wina."

Ndiye ndinasunga mbewu. Mbatatesi yosankha ndi manja angawa, imodziimodzi, matumba nkuwaimika kuchipinda kuti iphukire. Ana ankagonera mkhwani, mbatatesi ili m'nyumba. Teleza tsiku lina anatengapo imodzi kuti aotche, ndinamumenya dzanja. Mwana wanga ndinamumenya, abale, chifukwa cha mbatatesi imodzi!

Osadziwa kuti wakuba ndikugona naye mphasa imodzi.

Abambo a Teleza sanabe thumba lathunthu ayi. Akanatero ndikanaona. Ankatapa pang'onopang'ono. Lero kajumbo, mawa m'matumba a jekete, mkuja m'chipewa. Ulendo wa pa Chimbiya, kuchiwaya kwa a Lufeyo. Amapereka mbewu yanga, iwo nkumalandira tchipisi ndi nkhumba yokazinga. Pobwera milomo ili noninoni. Ndikafunsa, akuti, "Anzanga andigulira, iwe nsanje bwanji?" Ndikasuzumira kuchipinda, matumba ali chiimire, odzaza. Bamboyo ankathira zitsononkho pansi, mbatatesi nkuyala pamwamba. Nzeru zonsezo, koma khasu kuligwira ayi.

Tsiku lobzala ndinaitana amayi anzanga kuti andithandize. Mizere nditakonza kale, manyowa nditathira. Ndikhuthule thumba loyamba, zitsononkho! Lachiwiri, zitsononkho! Yotsala sinadzaze ndi beseni lomwe. Ndinangokhala pansi m'matope. Misozi siinatuluke.

Kenako ndinadzuka, ulendo wa pa Chimbiya, matope ali m'miyendo. Ndinawapeza pabenchi bambo aja, kamtengo kali m'mano. Sanali okha. Inu amene mumatiyambitsira nyimbo munalipo. Inu amene mumatitsogolera kolona munalipo, mchere uli m'dzanja. Maina sinditchula, mwadziona nokha. Mumadziwa kuti munthuyo salima, sagwira ganyu. Mumati tchipisi chikugwa kumwamba ngati mana? Lamulungu nkumandipatsa dzanja la mtendere, dzanja lomwelo lonona mafuta a mbewu yanga!

Ndinakalipa, ndinatukwana, Ambuye andikhululukire. A Lufeyo osasiya nkutakasa komwe. Akuti, "Mayi, ine ndimakazinga basi, sindifunsa mbatatesi kuti kwanu nkuti. Komanso yanuyo imandivuta, mphukira zokhazokha. Ndimachita kudula mitu yonse nkutaya."

Benchi lonse kuseka.

Ndinati, "Mumataya kuti?"

Akuti, "Kudzala, kuseri uko. Mukufuna mukadye?"

Ndinapita kuseriko, abale, osati ndi chikhulupiriro ayi. Ndinkafuna polilira poti asandione. Ndifike pamenepo, fungo, ntchentche, mabotolo osweka. Koma pamene amakhuthulira madzi otsukira mbale, ndikuona timasamba tobiriwira. Ndifukule ndi chala, mutu wa mbatatesi, mizu itagwira. Ndifukule pena, winanso. Yofiira khungu ija, yanga yomwe! Mitu yambiri inali itaola, koma yambirinso inali yamoyo. Mpeni unadula, moto sunaione. Chimene mwamuna wanga anamwaza, Mulungu anandisungira m'zinyalala.

Ndinagwada pomwepo nkuyamba kutolera m'chitenje. Makondakitala a minibasi kumakuwa, "Onani mayi wapenga uyo!" Bambo aja anabwera kudzandikoka mkono, akuti, "Ukundichititsa manyazi." Manyazi! Ndinawayang'ana kamodzi kokha, anabwerera okha.

Mituyo ndinaipaka phulusa nkukabzala, ine ndi Teleza. Dimba lonse silinadzaze, sindinama. Koma atsibweni atabwera kudzaona, anayenda m'mizere manja ali kumbuyo, nkungoti, "Upalire msanga." Dimba silinapite kwa wina. Aleluya!

Lero dimbalo ndi lodzaza mpaka kumtsinje. Ana akudya, ndipo Teleza akafuna kuotcha mbatatesi ndimamusankhira yaikulu ndekha. Abambo ake ndinawaikira bulangete lawo pakhomo. Anabwera ngati mkamwini, njira yakwawo ku Kaphuka sanaiiwale. Ndikumva kuti akunena kuti ndine mkazi wouma mtima. Anene.

Ansembe anandiuza kuti ndikhululuke. Ndikuyesetsa. Masiku ena zimatheka, koma ndikadutsa pachiwaya fungo lija nkundipeza, zimayambiranso. Mundipempherere, amene mapemphero anu ali oona.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanyansidwa ndi kudzala. Ndikuthokozanso amayi awiri amene anandithandiza kusenza chitenje pa Chimbiya tsiku lija, pamene ena munkayang'ana kumbali.

Tsono chaka chino mbewu yavuta, ndipo ena a pabenchi paja mwayamba kutuma akazi anu kwathu kudzapempha. Musawatume, iwo sanadye nawo. Mubwere nokha, masana, mudzandiyang'ane kumaso. Mbewu ndikupatsani, pakuti nanenso ndinachita kupatsidwa. Koma mubwere ndi khasu, mchere muusiye kunyumba.

Ambuye Yesu atamandike. Ndati atamandike!