Timichira ta Fayiba pa Tebulo la Bambo a Mphatso

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Mponela ndi nonse amene mawuwa akupezani. Ine ndine mayi a Mphatso. Ndikufuna ndikuuzeni za amuna anga, amene anagwa pamtengo wa mawaya a telefoni n'kufa miyendo, ndi mmene Mulungu anawatulutsira m'chipinda chomwe ndinkati adzaferamo.

M'nthawi ya chipani chimodzi, bambo a Mphatso ankakonza mawaya a telefoni m'mapiri a Dowa mpaka ku Ntchisi. Achinyamata a lero simungazidziwe. Mawaya ankayenda m'mwamba, mtengo ndi mtengo, atakhala pa tizikho toyera, ndipo mwera ukamawomba ankalira ngati njuchi. Bambowa anali odzimva, ndisakubisireni. Akamanga lamba m'chiuno, ankayamba ayang'ana kaye ngati pali owaonerera, kenako ndiye n'kukwera. Ali pamwambapo ankalumikiza kafoni kawo n'kuimbira mayi wolumikiza mafoni ku positi ofesi kuti andiuze ndisaphike nkhwani, akufuna nyemba. Boma lonse la Dowa linkadziwa ndiwo za kwathu. Ndinkakalipa, koma masiku amenewo ndimawasowa.

Inalinso nthawi ya mantha. Ndili ndi pakati pa Mphatso, mnyamata wina wa malaya ofiira woyang'ana makhadi a chipani, dzina lake Lemani, anandibweza pachipata cha msika. Khadi langa ndinali nalo, koma iye anati wam'mimbayo alibe lake. Ndinabwerera ndi dengu lopanda kanthu, ndipo ndinamusungira chakukhosi. Ndiye ganizani mmene ndinamvera Lemani yemweyo atalembedwa ntchito yokumba maenje m'gulu la amuna anga.

Dzinja lina mvula inagwetsa mawaya cha ku Nachisaka. Mtengo womwe bambo anakwera unali utadyedwa ndi chiswe kunsi, ndipo unathyoka nawo. Lemani ndiye anawabereka kutsika nawo phiri mpaka kumsewu. Kuchipatala anayesetsa, koma anandiuza kuti msana wavulala, sadzayendanso.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Ntchito inatha, m'nyumba ya kuntchito tinatulukamo. Ndinapita ku ofesi kukapempha kuti andiphunzitse ntchitoyo ineyo, poti mawayawo ndinkawadziwa pang'ono. Bambo wina anandiyankha mwaulemu ndithu kuti, "Mayi, mukwera bwanji mutavala diresi? Buluku kwa akazi ndi mlandu, mukudziwa." Ndinabwerako n'kuyamba kusankha fodya wa eni ndi kugulitsa tomato pamsewu.

Njala sinatiphe ayi. Chomwe chinkandipha ine chinali kuona mwamuna wolongolola uja atangoti zii, atagona choyang'ana kukhoma. Akulu a mpingo akabwera kudzapemphera, ankafunda bulangeti kumutu. Nditawadandaulira bambowo, anangoti, "Mayi a Mphatso, ine ndasanduka katundu. Katundu salankhula." Mawu amenewo anandipweteka kuposa tsiku la ngozi.

Ndinapempherera miyendoyo zaka ndi zaka. Chipani chimodzi chinatha, mafoni a m'manja anabwera, mawaya aja anthu anayamba kuyanikapo zovala ndipo mitengo yake inathera pamoto. Mphatso anakula mpaka kukwatiwa, ine ndikupemphabe chinthu chomwecho. Potsiriza ndinatopa. Ndinamuuza Mulungu mosapita m'mbali kuti za miyendo ndazisiya, angowapatsako chifukwa chodzukira m'mawa.

Masana ena ndikusankha tomato pakhonde, galimoto inaima ndipo munatsika Lemani, imvi zili mbuu, katoni ili m'manja. Ngakhale mpando sindinamupatse. Analowa yekha kuchipinda n'kugwada pafupi ndi bedi. Anafotokoza kuti wapeza ntchito yolowetsa fayiba, zingwe za intaneti zoyenda pansi, m'masukulu ndi m'maofesi.

"Abwana, manja angawa ndi a khasu," anatero Lemani. "Anyamata anga ndi aphuma, akungondithyolera zinthu. Ine sindinaonepo munthu wolumikiza waya mwaukhondo ngati inu."

"Ukundiseka? Ndikwera ndi chiyani?" anayankha bambo, osatembenuka.

"Iyi sakwera, abwana. Amaigwira atakhala pansi. Munthu wosakhazikika saitha."

Anatsegula katoniyo n'kutulutsa zomwe iwo amazitcha timichira. Ndi tizingwe tifupitifupi, mbali ina tili ndi mutu wolowetsa m'makina, mbali inayo n'ngopanda kanthu, ndipo ndi kumene amalumikiza ku chingwe chachikulu. M'kati mwake muli ulusi wagalasi wowonda ngati tsitsi. Lemani anati mmenemo simuyenda magetsi, mumayenda kuwala. Ndinaona bulangeti likusuntha. Bambo anatembenuka, anagwira kamchira kamodzi n'kukayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anandiuza kuti ndiwapatse magalasi awo. Ndinatuluka kukalira kuseri kwa nyumba.

Sizinali zophweka. Anayamba ndi kuphunzira kusankha. Kamutu kobiriwira sikakumana ndi kabuluu, chifukwa kobiriwirako nsonga yake n'njopendekeka, ndipo ukatikakamiza umawononga tonse tiwiri. Kachingwe kachikasu n'ka ulendo wautali, kaolenji n'ka pafupi, ndipo uyenera kutenga kofanana ndi chingwe chachikulucho. Ukasankha, umasenda khungu, kupukuta ulusiwo ndi sipiriti, kudula nsonga mowongoka, n'kuika m'kamakina kowotcherera. Pamfundopo umavekapo kachubu, n'kukulunga mozungulira bwino popanda kupinda. Timichira toyambirira tinawathyokera m'manja, ndipo anakalipa mpaka oyandikana nafe anamva. Ine ndinathokoza Mulungu, chifukwa mawu amenewo ndinali nditawaiwala.

Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Zaka zokhala malo amodzi zija zinawaphunzitsa kudekha kumene analibe ali mnyamata. Pasanapite nthawi mfundo zawo zinayamba kudutsa kuwala bwinobwino, ndipo kudzimva kuja kunabwerera konse. Tsopano akakhala patebulo lawo, ine sandilola kusesa, ati kafumbi kamodzi kamatseka njira. M'nyumba mwanga momwe ndimachita kupempha chilolezo chogwira tsache. Lemani amabwera kudzawanyamula n'kuwakweza m'galimoto, lero ku Madisi, mawa ku Ntchisi, kudutsa m'mapiri omwe aja. Lemani amandiuza kuti m'njira bambo amaloza pamene panali mitengo yawo, ngakhale palibenso chotsala. Lemaniyo ndinamuphera nkhuku, ndipo nditamukumbutsa za pamsika paja anagwira kumaso ndi manyazi. Tinakhululukirana.

Miyendo sinachire, abale, ndipo sindikunamizani kuti sindiikhumbanso. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wotopa, natumiza thandizo kudzera mwa yemwe sindikanamusankha. Inu amene mukusamalira wodwala ndipo zaka zikungopita, musaleke kupemphera, ngakhale mawu atakutherani. Muuzeni Mulungu zoona, kuti mwatopa, amamva ndithu.

M'mawa uno ondidzutsa anali iwowo, atameta kale ndevu, akudandaula kuti galimoto ili m'njira koma malaya sanasitidwe. Ndinawayankha kuti kuno si kuhotela. Kenako ndinapita kukakoleza makala a ayironi ndikuimba.