Mayi Amene Anayesa Makina ndi Makapu Makumi Asanu

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1958, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Ine amene ndaima pamaso panu ndine mlongo wawo, chitsirizira m'banjamo. Bambo athu anali osoka nsapato pakhonde la sitolo, ndipo achemwali ankakhala pambali pawo kuwatsegulira zitini za guluu. Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu zokha, anali atayamba kale kudzudzula bambo kuti akupaka guluu wambiri. Bambo ankaseka n'kumauza makasitomala kuti iwo sanabereke mwana koma kapitawo.

Anayamba sukulu mu 1965, napita ku sekondale mu 1973. Masamu ankangowamwa ngati madzi. M'chaka cha 1978 analowa sukulu ya zaumisiri kukaphunzira za makina, ndipo m'kalasi la anthu makumi atatu mkazi anali iwo okha. Ovololo imene anawapatsa inali ya munthu wamtali, moti ankaipinda katatu m'miyendo. Anzawo anawaseka chaka choyamba. Chaka chachitatu anzawo omwewo ankachita kupanga mzere kudzabwereka makope awo.

Pa 2 Febuluwale 1981 analembedwa ntchito pa fakitale yopanga mabasi, ku gawo lomata magalasi. Ndifotokoze pang'ono za ntchitoyi, chifukwa ndi pamene pagona mbiri yawo. Galasi la basi limamatidwa ndi guluu wa mitundu iwiri wosakaniza: magawo khumi a woyera pa gawo limodzi la wakuda. Wakudayo akachepa, guluu sauma. Akachuluka, amauma msanga n'kuyamba kung'aluka. Masiku amenewo ankasakaniza ndi mtengo m'chidebe, kuyeza ndi maso, kenako n'kumafinya ndi chipangizo chapamanja chotchedwa mfuti mpaka mikono kutupa. Achemwali anafinya mfuti imeneyo zaka khumi ndi zisanu. Chifukwa choti ankabwera ndi kasikelo kawo m'chikwama, anzawo anawapatsa dzina loti a Sikelo, dzina limene ambiri a inu mumawadziwa nalo.

Pa 20 Ogasiti 1983 anamanga banja ndi alamu anga ali apawa, amene ndi telala. Nyumba yawo inakhala ya anthu awiri oyeza, wina tepi m'khosi, wina sikelo m'manja. Ana awo amanena kuti mwana wonama m'nyumba imeneyo sankapita patali.

Chaka cha 1996 chinali chowawa pa fakitale. Mabasi atsopano anayamba kubwezedwa chifukwa mvula inkalowa m'mawindo, anthu n'kumatsegula maambulera ali m'kati mwa basi. Tsiku lina galasi lakutsogolo linamatuka basi ili pa liwiro. Mwamwayi palibe anafa, koma kampani imene inkagula mabasi ambiri inalemba kalata yopereka miyezi itatu: vutolo likapanda kutha, sadzagulanso. Pa fakitalepo pankagwira ntchito anthu mazana awiri ndi makumi anayi, aliyense ndi pakamwa pomudikira kunyumba.

Mabwana anagwirizana zogula makina oyeza, kusakaniza ndi kuthira guluu. Kunabwera ogulitsa atatu. Mitima ya mabwana inagwa pa chimakina chachikulu chonyezimira, cha magetsi ofiira ndi obiriwira, chokhala ndi sikirini ngati wailesi yakanema. Achemwali anaitanidwa ku msonkhanowo kuti akangoonerera, poti ndiwo adzagwiritse ntchito. Koma iwo anakweza dzanja. Anafunsa ngati pampu ya makinawo ingakoke guluu wawo m'mawa kukazizira, pamene amalimba ngati dongo. Anafunsa kuti magetsi akathima guluu ali m'mapaipi, pamatenga mphindi zingati kuti atsukidwe asanaumiremo. Anafunsanso kuti kalabala ka m'pampumo kakatha, kagulidwa kuti, ndipo adzakasintha ndani. Wogulitsa chimakinacho anayamba kupukuta thukuta, a manijala n'kuwayang'ana achemwali ndi diso lofiira.

Malemu sanabwerere m'mbuyo. Anapempha kuti makina atatu onsewo ayesedwe pa fakitale pomwepo, ndi guluu wawo, m'mawa komanso masana dzuwa litatentha malata. Anagula makapu a pepala ndi ndalama za m'thumba mwawo. Makina alionse anathira makapu makumi asanu, iwo n'kumaika kapu iliyonse pa sikelo ndi kulemba kulemera kwake. Chimakina chonyezimira chija chinathira bwino makapu khumi oyamba, kenako chinayamba kupereka pano wambiri, apo wochepa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Achiwiri anatsekeka asanafike pa kapu ya makumi atatu. Achitatu anali aang'ono, otuwa, opanda chokopa maso, koma makapu awo onse analemera chimodzimodzi, ndipo achemwali anawamasula n'kuwabwezera okha ndi sipanala imodzi.

A manijala anawauza poyera kuti ngati makina otuwawo adzalephere, woyamba kutuluka pa geti adzakhala iwo. Madzulo ake achemwali anakhala patebulo osakhudza chakudya. Ana anayi anali pasukulu, ndipo mantha anawagwira ndithu achemwali. Alamu anawafunsa funso limodzi lokha, ngati sikelo ija inanamapo. M'mawa mwake achemwali anakasaina pepala lovomereza kuti makina otuwawo agulidwe.

Pa 11 Novembala 1996 anthu a kampani yogula mabasi ija anabwera kudzaona. Mabasi makumi awiri anafoledwa pabwalo, magalasi ake omatidwa ndi makina atsopano. Achemwali anayala mapepala oyera pansi pa windo lililonse, nalowa m'basi yoyamba, natseka chitseko, nalamula kuti ithiridwe madzi ndi paipi yozimira moto. Fakitale yonse inaima chilili kuonerera. Anachita zimenezi basi ndi basi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Atatuluka m'basi yomaliza anakweza mapepala aja m'mwamba, onse ali ouma gwaa! Amene munalipo mukukumbukira nthungululu zake. Amuna akuluakulu a ndevu zawo anagwetsa misozi, ndipo amayi a ku gawo la mipando anawanyamula achemwali kuzungulira nawo bwalo lonse. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anachotsedwa ntchito.

Mu 1998 anakwezedwa kukhala mkulu woona za makina onse omatira. Mbiri yawo inawanda. Opanga mafiriji, opanga mabwato ndi opanga zitseko ankatuma galimoto kudzawatenga asanagule makina. Ankawalangiza kuti ayambe adziwa guluu wawo, kuchuluka kwa ntchito yawo ndi manja a anthu awo, kenako ndiye aziyang'ana mtengo wa makina. Anaphunzitsa amisiri makumi atatu ndi anayi, ndipo khumi ndi awiri mwa iwo ndi amayi. Anapuma pa ntchito pa 31 Malichi 2018.

Anayamba kudandaula za mtima mu Seputembala 2023, ndipo anagonekedwa m'chipatala kawiri. Ngakhale pabedi sanasiye khalidwe lawo. Ankawerenga madontho a diripi ndi wotchi, ndipo anamwino ankaseka kuti alandira wodwala amene akuwayang'anira ntchito. Sabata imodzi asanatisiye, kunabwera mayi amene anatenga malo awo pa fakitale, atanyamula mapepala a makina atatu atsopano kuti achemwali awasankhire. Iwo anakana. Anawauza kuti afotokoze okha zimene ayesa ndi chimene asankha. Mayiwo anafotokoza, achemwali akumvetsera maso ali chitsinzinire. Atamaliza, achemwali anamwetulira, nawagwira dzanja, nanena kuti alibe choonjezera, ndipo tsopano akhoza kugona. Anamwalira m'mawa wa pa 9 Juni 2024, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi chimodzi, amuna awo ali pambali.

Malemu asiya amuna awo, ana anayi, aamuna awiri ndi aakazi awiri, zidzukulu zisanu ndi zinayi, ndi ife abale awo atatu. A pabanja tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, anzawo a kuntchito amene sanaphonye tsiku kuchipatala, aneba amene anatitsegulira nyumba zawo, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzatikhalira pafupi. Tikulira, inde, koma sitikulira mozyolika. Achemwali, ntchito munaigwira ndipo munaimaliza. Pitani bwino, mzimu wanu ukause mumtendere.