Tsiku limene ndinapalasira wa kabaza

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni. Ndine uja wa ku Thambani amene ndimapeka nyimbo pa kompyuta ndi kuphunzitsa oimba kuliza ng'oma popanda chikopa. Umboni wanga ndi wa tsiku limene kompyuta yanga inafa itameza nyimbo zonse za kwaya ya amayi a ku Kanduku.

Ndinaigula kuboda, ndipo ndinanenerera mpaka wogulitsa anati, "Tengani bambo, mutu wandiwawa." Koma chotchipa chili ndi tsiku lake. Kutatsala tsiku limodzi kuti kuchitike msonkhano wa makwaya, inatulutsa kafungo ka waya wopsa n'kutseka maso. Ndinaikupiza ndi katoni, ndinaipepesa, ngakhale kuinenerera ndinayesa. Zii.

Amayiwo anali atazolowera kuimba motsatira zida zimene ndinawakonzera, moti popanda izo akanachita manyazi pagulu chifukwa cha ine. Ndinagwada n'kunena kuti, "Ambuye, aliyense ndimamunenerera, koma kwa Inu ndilibe mtengo. Ndithandizeni."

Ndinakwera kabaza kuti ndikaulule kwa mayi wapampando. Tili m'njira, foni ya wopalasayo, a Fulaye, inayamba kulira. Abale, inali nyimbo yanga!

"Achimwene, imeneyi mwaitenga kuti?"

"Mwaiwala, abwana? Tsiku lija ndinakunyamulani munakana kulipira ndalama yonse, munati yotsalayo mundiikira nyimbo. Munandidzazira memori yonse ya m'foni ndisanavomere n'komwe."

Nditayang'ana, zonse zinalimo. Ndinapempha kuti andibwereke. A Fulaye anatsika, anapukuta thukuta, n'kundiyang'ana ngati mbuzi ya pamsika.

"Lero mwabwera pa sitolo yanga. Memori ndikupatsani, koma chitunda cha ku Kanduku mupalasa ndinu, ine ndikhala kumbuyo."

Ndinati tigawane mtunda pakati. Anakana. Ndinati chabwino, pokwera pokhapo tiziyenda pansi. Anayamba kubweza foni m'thumba.

Ndinapalasa, abale, jekete mpaka kunyowa, iwo ali kumbuyo kupereka moni kwa aliyense ndi kuimba nyimbo yanga molakwitsa. Mawa lake amayi anaimba mpaka anthu kuimirira, ine nditakhala pansi chifukwa miyendo inali itakana.

Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga ntchito yanga m'thumba la munthu amene ndinamufinya. Inu amene muli m'mayesero, musataye mtima. Thandizo limabwera ndithu, kungoti nthawi zina limakhala pa kaliyala wa njinga, wopalasa muli inuyo.