Kachitunda ka pakhomo la bambo

— Halo? A Mwakalinga amisiri?

— Ndine. Ndikuyankhula ndi ndani?

— Make Tumpe, wa ku Uyole. Munatiikira matailosi pabalaza chaka chatha.

— Oo, mayi. Mwaswera bwanji?

— Taswera, kaya inu? Kunyumba ali bwanji?

— Ali bwino, msana wokhawu ndiwo wandikana. Ana?

— Ali kusukulu. Muli kuti, phokoso lotere?

— M'basi, ndikuchokera ku Mwanjelwa. Nenani msanga, netiweki ikudukaduka.

— Ndi za pakhomo paja. Pamene matailosi akumana ndi simenti yofiira ya kuchipinda kwa bambo anga.

— Mayi, pakhomo limenelo ndabwerapo kawiri mwezi uno wokha.

— Ndikudziwa.

— Munati kachitunda kakupunthwitsa alendo, ndinaikapo kachitsulo. Munati kachitsulo kakukola chikolopa, ndinakachotsa. Ndinagumula, ndinathira simenti ina, tsiku lonse ndili chogwada. Pano ngakhale nyerere singadziwe kuti yasintha chipinda.

— Vuto lake ndi limenelo.

— Mwati?

— Mwasalaza kwambiri.

— Zaka makumi awiri ndikukanda simenti, mlandu umenewu ndiye ndaumva lero.

— Tandimvetserani kaye. Bambo aja munawaona?

— Agogo a magalasi akuda? Anandichezetsa nkhani za njanji mpaka ndinaiwala nkhomaliro.

— Saona. Shuga anawatseka maso, chino n'chaka chachinayi.

— Aa. Komatu ankayenda okha m'nyumba monse.

— Ankawerenga. Mapazi awo anachita dzanzi, matailosi ndi simenti sasiyanitsa, koma kachitunda kaja phazi likagunda ankakamva. Kuchokera pamenepo, kuponda kanayi afika pampando, kasanu ndi kawiri khomo lakunja. Ine mwana wawo, wogona nyumba yomweyo, sindinkadziwa.

— Halo? Mwaduka.

— Ndikuti Lachiwiri anasochera. Anakathera kukhitchini, n'kugubuduza mbaula, tiyi ali pamoto.

— Anapsa?

— Ayi, Mulungu yekha. Koma chiyambire tsikulo sakutuluka m'chipinda. Akuti tiziwaikira ndowa pakona. Munthu woti ankayendetsa sitima mpaka ku Kapiri, lero ndowa. Ndatopa, a Mwakalinga. Ndikawagwira dzanja akundikankha, akuti si mwana.

— Ndiye mukuti nditani?

— Mukabwezeretse.

— Kachitundako?

— Komweko.

— Ndiwononge ntchito yanga ndi manja anga.

— Eya. Alendo azikweza miyendo.

— Koma muyezo wake sindikuukumbukatu. Ndiika chala chimodzi...

— Iwo akuukumbuka. Akuti kanali kokwera kumanzere, kumanja kotsikirapo pang'ono.

— Kokhota? Levulo yanga yoyezera ija inkati kali bwinobwino.

— Ndiye mukatsutsane nawo nokha.

— Ayi, ndi oyendetsa sitima sinditsutsana. Mawa ndinalonjeza kwina, koma ayembekeze. Simenti inatsala?

— Theka la thumba. Mayunitsi akutha, ndiwauze chiyani?

— Muwauze kuti levulo ndiisiya kunyumba. Avale nsapato zawo zomwe zija, aime pakhomopo, ine ndizithira, iwo aziyeza. Koma ayambe atuluka m'chipindamo, ine woyang'anira ntchito wogona pabedi sindim...

— Halo? A Mwakalinga? Halo?