Nyumba Yobiriwira Kupitirira Chigayo

Nditapenta nyumba yanga ya pa boma la Kasungu ndi utoto wobiriwira kwambiri, a Malita oyandikana nawo nyumba anati ikufanana ndi sitolo yogulitsa feteleza wa makuponi, ndipo ine ndinawayankha pamaso pa anthu kuti maso awo akufunika magalasi. Patatha sabata imodzi, m'mawa wa Lachiwiri, ndinatsegula chitseko n'kupeza bambo wina atakhala pakhonde panga, njinga ataitsamiritsa kukhoma, kuponi ili m'manja.

"Mwadzuka bwanji, bwana?" anatero akuimirira. "Ndine Tsoka, wa ku Njombwa. Ndine woyamba."

"Woyamba pa chiyani?"

"Pamzere."

"Pano palibe mzere."

"Eya, sunayambe. N'chifukwa chake ndili woyamba."

"Bambo Tsoka, mwasochera. Ino ndi nyumba yanga."

"Amene amatigawira makuponi anati mukafika pa boma mudutse chigayo, muona nyumba yobiriwira." Anayang'ana khoma, kenako ine. "Chigayo ndadutsa."

"Nyumba zobiriwira ndi zambiri m'tauni muno."

"Zobiriwira chonchi? Iyi ndaiona ndikadali kumsewu waukulu."

Kuseri kwa mpanda ndinamva tsache likuyamba kulira. A Malita anali kusesa pamalo pomwe anali atasesa kale.

"Uku si kubiriwira kwa sitolo," ndinatero mokweza, kuti tsachelo limve. "Pachitini panalembedwa kuti mtundu wa tsamba lanthete. Ndi mtundu wofatsa. Umafuna munthu wodziwa kuona."

"Chabwino, bwana. Ine ndikufuna thumba limodzi la wokulitsa ndi lina la wobereketsa."

"Feteleza kuno kulibe."

Anamwetulira ngati munthu amene wamva nyimbo ya kwawo, n'kukhalanso pansi.

"Chaka chatha kumene tinkagula anatero masiku atatu. Tsiku lachinayi anapezeka."

"Kuno sapezeka ngakhale mutakhala mwezi."

"Iwo aja anati chaka."

"Ine si kalaliki. Ndinali mphunzitsi, ndinapuma."

"Mwachita bwino kupeza kaganyu. Kungokhala kumakalambitsa."

Anapita panjinga, namasula kathumba komwe anamanga ndi mphira, n'kudzakaika pafupi ndi phazi langa. Munali mtedza.

"Ichi n'chiyani?"

"Mungolawa, bwana. Ndikudziwa kuti chitseko chachikulu sichitseguka ndi manja ouma."

"Chotsani msanga zimenezi."

"Zoona, pano pali maso." Analoza mpanda ndi chibwano, n'kutsitsa mawu. "Ndikaike kuseri?"

Ndinamubwezera kathumba kake. Zaka makumi atatu ndinaphunzitsa ana a anthu, ndipo panalibe mwana amene sindinathe kumulongosolera chinthu.

"Bambo Tsoka, mvula inagwa liti kwanu?"

"Masabata awiri apitawa. Chimanga chamera, koma chayamba kuchita chikasu."

"Ndiye mverani. Lole inatsitsa matumba dzulo kusitolo yeniyeni. Anthu ali pamzere kumeneko panopa. Dzuwa likafika pamutu feteleza akhala atatha, ndipo inu mubwerera ku Njombwa ndi pepala."

"Mukudziwa bwanji za lole ngati simuli m'gulumo?"

"Inadutsa pano."

"Pano." Anagwedeza mutu mokhutira.

"Inangodutsa. Sinaime. Bwerani, lowani muone nokha."

Anapukuta mapazi kawiri n'kulowa. Ndinamuonetsa tebulo, mipando itatu, wailesi ndi mabuku. Ndinatsegula ndi kuchipinda komwe kuti aone bedi. Ndinali nditaiwala kuti pakona ya chipindacho ndinaunjikapo matumba awiri a feteleza.

Tsoka anaima, manja atawagwirizanitsa pachifuwa.

"Awiri ndendende," anatero chapansipansi.

"Amenewo ndi anga. Ndinagula ndekha, ndi a kumunda kwanga ku Lukwa."

"Sindikukuimbani mlandu, bwana. Aliyense amasungirako achibale. Koma achibalewo kuponi ali nayo? Yanga nayi."

Ndinamutulutsa ndi ulemu wonse umene ndinali nawo, womwe sunali wambiri, ndipo tinaimanso pakhonde.

"Yang'anani kumene ndikulozaku. Mupitirire ndi msewu womwewu, mukakhote kumanzere pamjigo. Nyumba yachitatu ndiyo sitoloyo."

"Ya mtundu wanji?"

"Ya malata."

"Zonsezi ndi za malata. Mtundu wake?"

"Ili ndi chitseko chachitsulo ndi chikwangwani chachikulu pamwamba."

"Zikwangwani ine sindiwerenga, bwana. Ndimayendera mtundu."

Tsache lija linasiya kulira.

"Mukaona anthu ambiri panja."

"Kumaliro kumakhalanso anthu ambiri panja."

Ndinayang'ana dzuwa. Linali litakwera ndithu. Ndinayang'ana matayala a njinga yake, matope a ku Njombwa atauma m'masipoko.

"Wobiriwira," ndinatero.

"Wobiriwira wotani? Paja mwati ulipo wa sitolo ndi wa tsamba."

Ndinaloza khoma langa osaliyang'ana.

"Ngati uwu."

"Ndendende?"

"Ndendende."

Kuseri kwa mpanda a Malita anatsokomola. Chinali chifuwa cha munthu wathanzi.

Nkhope ya Tsoka inawala. "Ndiye ino ndi nthambi yake. Bwanji osangonena? Kuli bwino ndidikire pano pomwe ndili woyamba kusiyana n'kukakhala wa nambala handiredi uko."

"Si nthambi. Si sitolo. Ndi nyumba ya munthu amene anasankha utoto yekha, n'kupenta yekha, masiku anayi."

"Mukukwiya, bwana, ndipo kalaliki akakwiya wosauka ndiye amaluza. Tiyeni tichite chonchi. Ndaona bedi, ndiye kuti mumagona momwemuno. Ndiitanireni mayi a kunyumba. Amunafe timabisa mawu. Mayi akandiuza kuti kulibe, ndinyamuka."

"Mayi kulibe."

"Apita kumsika? Ndidikira."

"Anatisiya. Chaka chino n'chachitatu."

Tsoka anavula chipewa. Sanandiyang'ane ine. Anayang'ana khoma, kuyambira pansi mpaka kudenga, n'kubwereranso pansi, kwa nthawi yaitali ndithu. Kenako anapinda kuponi yake bwinobwino, naiika m'thumba la malaya, n'kukatenga njinga.

"Pepani kwambiri, aphunzitsi. Mwati kumanzere pamjigo?"

"Kumanzere. Mwakhulupirira tsopano?"

"Ndakhulupirira."

"Mipando mwaiona, bedi mwaliona, ndalankhula mpaka kukhosi kuuma, osamva. Chasintha n'chiyani?"

Anakweza mwendo n'kuponda pedulo.

"Mutu wanga umakana kuti nyumba yogonamo anthu ingapentedwe chonchi. Mukanayamba n'kunena kuti munalibe wokuletsani, bwenzi ndili pamzere kalekale."