Mawu Amene Amayi Ankasiya Kuseri kwa Masamba

Malemu mayi athu anabadwa pa 9 Malichi 1968, achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mwana wawo woyamba. Mawu akandithawa penapake, mundipirire.

Anayamba sukulu mu 1975, namaliza Folomu 4 mu 1987. Kenako anaphunzira kutayipa, ndipo mu 1989 analembedwa ntchito pakampani yaing'ono yosindikiza makalendala ndi makhadi a ukwati. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi bambo athu, amene ankabwera kudzakonza makina. Bambo ankaulula okha kuti masiku ena ankabwera makina ali bwinobwino. Anamanga banja mu 1991. Bambo anatisiya mu 2004.

Chaka chomwecho pakampanipo panafika intaneti. Anzawo akapita kokadya masana, amayi ankatsalira kudziphunzitsa kupanga mawebusayiti, masamba aja timatsegula pafoni tikafuna kudziwa za sukulu kapena za sitolo. Mu 2009 anayamba kugwira paokha, m'kachipinda koyandikana ndi khitchini: tebulo limodzi la kompyuta, mpando woikapo pilo, ndi zenera loyang'ana kumpopi. Ukawaitana ankati, "Dikira ndisunge kaye," mpaka adzukulu anawapatsa dzina lakuti Agogo Ndisunge.

Apa ndiyenera kunena zoona pamaso panu. Ine sukulu ndinalekezera Folomu 2, n'kuyamba kuwotcherera zitsulo. Kwa ine ntchito inali imene imasiya zipsera m'manja. Tsiku lina mu 2012 atandiuza kuti ndibwerere kusukulu, ndinawayankha kuti iwo sangandiuze za ntchito poti amangotokosa mabatani tsiku lonse. Sanandikalipire. Anangoti, "Suntha, ukunditchinga kuwala." Patapita zaka zinayi ndinalowadi sukulu yamadzulo. Koma m'kachipinda muja sindinapondemo kwa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo mawu aja sindinapepese.

Mu Januwale chaka chino anadwala sitiroko, dzanja lamanja n'kufa. Chimene chinkawadetsa nkhawa sichinali dzanjalo ayi. Anali atasiya pakati tsamba la gulu la makolo a ana osamva, limene linkafunika sukulu zisanatsegulidwe, kuti makolo adziwe kokalembetsa ana awo. Mlongo wanga ndi namwino, sakanatha kusiya odwala. Mng'ono wanga amakhala kutali. Choncho pampando paja ndinakhalapo ine, ndi zala zangazi, iwo ali pambali akutchula chilembo chimodzichimodzi.

M'masabata atatu amene tinagwira ntchitoyo ndinaphunzira kuti tsamba lili ngati malaya, lili ndi kunja ndi kuseri, ndipo ntchito yonse ili kuseriko. Kadontho kamodzi kakasowa, zonse zimangoyera mbee. Tikamaliza gawo, ankandituma kumpopi ndi foni yakale yosweka galasi, chifukwa pamenepo netiweki ndi yofooka. "Likakana kutseguka pampopi, ndiye kuti mayi wina kutali silimutsegukira. Bwera tiyambirenso." Ndinayenda maulendo ambiri.

Ndinaonanso kuti kuseriko ankasiyako timawu tosaoneka kwa alendo, tolembera munthu amene adzakonze tsambalo iwo kulibe. Pena: "Pano ndakulitsa zilembo, agogo ambiri saona bwino." Pena: "Pano pakuoneka pokhota, koma usawongole. Ndinayesa."

Tsiku limene tinamaliza anandiuza kuti nanenso ndisiye mawu anga, poti ndagwira nawo. Ndinalemba kuti, "Amayi, iyi ndi ntchito. Pepani." Koma ndinaiwala kachizindikiro kobisira mawu. Titatsegula pafoni, mawu aja anali pamwamba penipeni pa tsamba, poonekera dziko lonse. Nditati ndifufute msangamsanga, anandigwira mkono ndi dzanja lamanzere, akuseka ndi mbali imodzi ya kamwa. "Mbuli iwe," anatero, "asiye mpaka mawa."

Inu apampando a gulu lija, ndikukuonani apo. Munaimba foni tsiku limenelo kuti tsamba lawonongeka. Lero mwamva chimene chinachitika.

Matenda anakula kumayambiriro kwa Epulo. Anagonekedwa m'chipatala pa 2 Epulo, namwalira Lachiwiri m'mawa pa 16 Epulo 2024, ali ndi zaka 56.

Asiya ana atatu, adzukulu asanu, achemwali awo awiri ndi mchimwene mmodzi. M'malo mwa banja, ndithokoze anamwino amene ankawatembenuza ndi kuwasambitsa ngati mayi wawo, aneba amene munawanyamula tsiku la sitiroko, ndi nonse amene mwakhala nafe pano kuyambira Lachiwiri.

Amayi, ana aja analembetsa sukulu. Ntchito yanu munaimaliza, ndipo chonena changa munachiwerenga muli moyo. Usani mumtendere.